Landilodi akukana kundibwezera dipoziti, kodi ndingoisiya?

Mayi wina wanditumizira imelo sabata ino. Akuti anatuluka m'nyumba ya lendi miyezi itatu yapitayo, ngongole ya lendi analibe, nyumba anaisiya atakolopa bwinobwino, koma dipoziti yake ya miyezi iwiri mpaka pano sanaione. Landilodi lero akuti mubwere kumapeto kwa mwezi, mawa akuti penti munaiwononga, ndiye pano foni sakuyankhanso. Ndipo mayiyu wamaliza ndi mawu awa: "Kodi ndingoisiya? Ndikuopa kuoneka ngati munthu wovuta."

Achemwali, mawu omalizawo ndi amene andipweteka. Za landilodi wozengerezayo sizinandidabwitse, zimenezo timazimva tsiku ndi tsiku, koma kuti munthu amene wamanidwa ndalama yake ndi amenenso akuchita manyazi, pomwe wogwira ndalamayo akugona tulo tabwino, ayi zimenezo zandikwiyitsa ndithu. Musaisiye. Ndanena poyambirira pomwe kuti ngakhale musawerenge mpaka kumapeto mukhale mutamva.

Ine zinandichitikirapo, ndipo chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti landilodi wanga sanali munthu woipa ayi. Anali bambo achikulire, aulemu, ankandiitana kuti mwana wanga, mwana wanga akadwala ankabwera kudzazonda, mpopi ukawonongeka ankatumiza pulambala ngakhale mochedwa. Ndinakhala m'nyumba mwawo zaka zingapo osaphonyapo lendi. Nditapeza nyumba ina pafupi ndi kuntchito ndinapereka notisi mwezi wathunthu monga mmene tinagwirizanirana, anandifunira zabwino, tsiku lotuluka anabwera, tinayenda limodzi chipinda ndi chipinda, anagwedeza mutu nkunena kuti nyumba mwaisamala, dipoziti yanu mudzatenge mwezi ukatha. Ndinawapatsa makiyi ndi mtima umodzi.

Mwezi unatha. Ndinaimba foni, anati ali kumaliro, ndinapepesa nkudikira, chifukwa munthu ali pamaliro sungamufunse za ndalama. Ndinaimbanso, anati mwana wawo amene amayendetsa za nyumbazo wachokapo. Kenako mwanayo ndi amene anandiimbira, ndipo mawu ake anali ena kotheratu, ngati sitinaonanepo. Anandiwerengera mndandanda pafoni: penti ya nyumba yonse mkati ndi kunja, mng'alu wa pakhoma la kuchipinda chogona, chitseko cha kubafa chomwe chinawola kumunsi, siling'i yothimbirira pabalaza, galasi la windo la kukhitchini, ndi loko. Ataphatikiza zonsezo anati dipoziti yatha, ndipo kunena zoona ineyo ndi amene ndikuyenera kuwonjezera, koma poti ndinali tenanti wabwino angondikhululukira.

Kundikhululukira! Ndinakhala pansi foni ili m'manja, thupi lonse likunjenjemera, chifukwa nthawi imeneyo ndinali nditakongola ndalama kwa m'bale wanga kuti ndilipire dipoziti ya nyumba yatsopanoyo, ndikudalira kuti yakaleyo ikabwera ndimubwezera. Ichi n'chimene eni nyumba ambiri sachiganizira kapena amachiganizira koma osasamala: munthu amene akusamuka amakhala atapanikizika kale, walipira galimoto yonyamula katundu, walipira dipoziti ina, walipira lendi yoyambirira, mwina ana asintha sukulu, ndiye ndalama imene iwo akuiona ngati yaing'onoyo kwa iye ndi imene ikulekanitsa kudya ndi kugona ndi njala.

Siling'i ija inathimbirira chifukwa denga linkadontha, ndipo ndinawauza kangapo nyengo ya mvula iliyonse, mameseji analipo mufoni. Chitseko cha kubafa chinali chowola kale pomwe ndinkalowa. Mng'alu uja ndiye unandithandiza mwamwayi, chifukwa tsiku lomwe ndinalowa m'nyumbamo ndinajambula zithunzi kutumizira mchemwali wanga pa WhatsApp kuti aone komwe ndapeza, ndipo pachithunzi chimodzi mng'aluwo ukuoneka bwinobwino kuseri kwa katoni, deti lake lili pomwepo. Galasi la windo lokhalo ndiye linali langa, mwana wanga analiswa ndi mpira, ndipo limenelo sindinakane, ndinati dulani mtengo wake koma mundionetse risiti.

Pa penti ndi pomwe ndimafuna ndiime pang'ono chifukwa ndi bodza limene limagwira anthu ambiri, ndipo ndaona kuti inunso, achemwali, landilodi wanu wakuuzani zomwezo. Nyumba imakalamba munthu akamakhalamo. Penti imazilala ndi dzuwa, pansi pamaperepeseka pomwe anthu amaponda kwambiri, mahinji amalira, raba ya pampopi imatha, pakhoma pomwe panatsamira sofa pamada. Kumeneko si kuwononga, ndi kutha kwa zinthu kwa masiku onse, ndipo lendi imene munkalipira mwezi ndi mwezi ija inali yolipirira zimenezo. Kuwononga ndi kuswa galasi, kuboola khoma chibowo chachikulu, kuthyola sinki, kutaya makiyi, ana kulemba khoma lonse ndi makala, kusiya bilu ya madzi ndi magetsi osalipira. M'malamulo a mayiko ambiri kusiyana kumeneku kulipo ndipo makhoti amakudziwa. Landilodi amene akufuna kupenta nyumba yake kuti akweze lendi kwa wolowa watsopano apente ndi ndalama yake, ndi nyumba yake, phindu lake adzadya ndi iyeyo.

Ndipo ine pano maganizo anga pankhaniyi anauma, sindibisa. Kale ndinkati mwina eni nyumba ena amangoiwala, mwina zinthu zimawavuta. Pano ndimakhulupirira kuti nthawi zambiri ndalamayo kulibe, anadya tsiku lomwelo lomwe munawapatsa. Anagulira simenti yomalizira nyumba ina, analipirira fizi, anabwezera tenanti amene anatuluka inu musanalowe. Ndiye inu mukamatuluka amayamba kusakasaka zifukwa pakhoma, osati chifukwa khomalo lawonongeka koma chifukwa m'thumba mulibe kanthu, akudikira wina alowe kuti dipoziti ya ameneyo akupatseni inu, ndipo wina akalowa nkuona kuti inu mwakhala chete, basi ndalamayo yapeza ntchito ina. Dipoziti si malipiro a landilodi. Ili ngati katundu amene mwasungitsa kwa mnzanu popita paulendo, ali m'nyumba mwake inde koma si wake, ndipo mukabwera sangakuuzeni kuti ndinagulitsa chifukwa zinandivuta. Kugwiritsa ntchito ndalama yosungitsidwa nkumanamizira mwini wake kuti wawononga zinthu ndi kuba, ngakhale wochitayo akhale wachikulire wolemekezeka chotani.

Ndikudziwa ena owerenga pano ndi eni nyumba ndipo anena kuti simukuwadziwa matenanti inu. Ndikuwadziwa. Azakhali anga ali ndi kanyumba kamodzi kobwereketsa komwe ndi penshoni yawo yonse, ndipo munthu wina anawathawa usiku ali ndi ngongole ya miyezi ingapo, atazula ngakhale masoketi ndi shawa, dipoziti sinakwanire nkomwe kukonza. Ndinawaona akulira. Ndiye sindikunena kuti dipoziti ndi yoipa, ili ndi ntchito yake ndipo ntchito yake ndi imeneyo. Koma azakhali omwewo tenanti wabwino akamatuluka amamuitana, amayenda naye m'nyumba, amalemba papepala zomwe adula ndi chifukwa chake, yotsalayo amapereka pompo, chifukwa ndalamayo amaisunga payokha osaikhudza. N'zotheka. Zoipa za tenanti wina zisalipiridwe ndi amene sanalakwe.

Palinso nkhani ya maejenti yomwe imandinyansa payokha. Polowa, ndalama mumapereka kwa ejenti, akumwetulira, risiti akuti abweretsa mawa. Potuluka ejenti akuti ndalama ili kwa landilodi, landilodi akuti ine sindinailandire funsani amene munamupatsa, inu muli pakati kumangotha eyataimu. Ngati pali ejenti pankhani yanu, yang'anani dzina lomwe lili pa risiti ndi pa mgwirizano, ndipo kalata iliyonse muzilembera onse awiri nthawi imodzi kuti asamaponyerane mpira.

Zanga zija zinatha chonchi. Ndinasiya kuimba foni, chifukwa pafoni ndinkangopepesa ndi kuseka nawo ngati ndikupempha chithandizo. Ndinalemba kalata ya tsamba limodzi, mwaulemu koma mosanyengerera, ndinaikamo ndalama yomwe ndinapereka ndi tsiku lake, kopi ya risiti, zithunzi zija, mameseji a denga lodontha, ndinavomera za galasi, nkupereka tsiku lomaliza loti ndalama ikhale italowa, apo ayi nkhaniyi ndikaisiya kukhoti. Bambo aja anandiimbira okha atakhumudwa, anati mwana wanga mpaka makalata, mpaka khoti, ife ndi inu? Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa ndinkawalemekeza ndipo mpaka pano ndimawalemekeza, koma ndinawayankha kuti bambo, ndakhala ndikubwera mwaulemu miyezi yonseyi ndipo palibe chachitika. Tsiku lija lisanakwane ndalama inalowa atadula ya galasi. Ubale wathu sunabwererenso mwakale, ndipo zimenezo zimandimvetsa chisoni, koma amene anauwononga si ine.

Nanga lamulo likuti chiyani?

Zimatengera dziko lomwe muli, ndipo muimelo yanu simunatchule, ndiye chinthu choyamba werengani mgwirizano wanu ndipo mufufuze lamulo la za lendi la komwe mukukhalako. Koma ndikupatseni zitsanzo kuti muone kuti zomwe mukufunazi si zachilendo. Ku South Africa, lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati landilodi asunge dipoziti ku akaunti yopanga chiwongoladzanja ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha tenanti, awiriwo ayendere nyumba limodzi polowa ndi potuluka, ndipo ngati palibe chodula ndalama ibwezedwe pasanathe masiku 7. Landilodi akapanda kuchita nawo kuyenderako, lamulo limatenga ngati wavomereza kuti nyumba ili bwino, ndipo madandaulo amapita ku bungwe loweruza nkhani za lendi lotchedwa Rental Housing Tribunal komwe salipiritsa. Ku England kuyambira 2007 landilodi amayenera kuika dipoziti m'ndondomeko yovomerezeka ndi boma yoitetezera, pano malire ake ndi masiku 30 atailandira, ndipo akalephera khoti likhoza kumulamula kulipira tenanti mpaka katatu ndalamayo. Ku Germany dipoziti siyenera kupitirira lendi ya miyezi 3. Ku California, m'dziko la America, landilodi ali ndi masiku 21 oti abweze ndalama kapena apereke mndandanda wolembedwa wa zomwe wadula. Mayiko osiyana, masiku osiyana, koma maganizo ake ndi amodzi, akuti ndalamayo ndi ya tenanti ndipo wofuna kudulapo ndi amene ayenera kuonetsa chifukwa. Ngakhale komwe kulibe lamulo lapadera la dipoziti, mgwirizano ndi mgwirizano, ndipo ndalama yomwe munthu akukana kubweza ndi ngongole yomwe mukhoza kusumira ngati ina iliyonse.

Ena adzakuuzani kuti nzeru ndi kusalipira lendi ya mwezi womaliza kuti dipoziti idye yokha. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amatero, atopa kuberedwa, koma ine sindikulimbikitsa pokhapokha landilodi atavomera ndipo mwalemberana, chifukwa mukangochita panokha mwasanduka inu wophwanya mgwirizano ndipo mwamupatsa chonena pamaso pa aliyense.

Ndiye achemwali, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, landilodi wanuyo sadzadzuka tsiku lina nkukukumbukirani yekha. Sonkhanitsani risiti kapena umboni wa kubanki kapena wa pafoni woti munalipira, mgwirizano ngati ulipo, zithunzi ndi mavidiyo a nyumbayo, mameseji onse makamaka amene iye akulonjeza kuti abweza, chifukwa meseji yoti mubwere kumapeto kwa mwezi ndi kuvomera kale kuti ndalama yanu ali nayo, ijambuleni musunge pena asanaifufute. Mulembereni kalata yokhala ndi deti, mutchule ndalama yeniyeni, mupemphe mndandanda wa zomwe akuti munawononga ndi malisiti ake, mupereke masiku 14, kopi musunge, ndipo popereka pakhale mboni kapena asayine kuti walandira. Musatukwane, musamuyalutse pa Facebook, zimenezo zikhoza kukutembenukirani. Masikuwo akatha pitani kukhoti laling'ono loona za ngongole kapena ku bungwe loona za lendi ngati kwanuko lilipo, nthawi zambiri milandu yotere sifuna loya, akalaliki a pakhoti amakuuzani fomu yoti mulembe ndi ndalama yolembetsera, ndipo mukhoza kupempha kuti ndalama yolembetserayo adzakubwezereninso iyeyo mlandu ukakukomerani. Musachedwe nazo, chifukwa milandu ya ngongole imakhala ndi malire a nthawi yosumira, komanso tenanti watsopano akakhalitsa m'nyumbamo zimavuta kusiyanitsa zomwe munasiya inu ndi zomwe wawononga iye.