Tepi yoyera kapena yakuda pa mahandulo a njinga ya mpikisano?

Achimwene, funso lanu ndinaliwona m'mawa ndili pa ntchito, ndiye ndinati ndidikire madzulo kuti ndikuyankheni mofatsa. Mwati mwagula njinga ya mpikisano ya kaunjika, yachitsulo, felemu yofiira, chishalo chakuda, ndipo tepi ya pa mahandulo inatha kale, ikungolendewera. Mtima wanu uli pa tepi yoyera, koma anzanu amene mumapalasa nawo Loweruka akuti yoyera ndi ya akatswiri okhaokha, komanso akuti tepi iyenera kufanana ndi chishalo. Mukufuna kudziwa ngati limeneli ndi lamulo ndithu.

Si lamulo ayi. Bungwe la UCI, limene limayang'anira mipikisano ya njinga pa dziko lonse, silisankhira munthu mtundu wa tepi. Komabe anzanuwo sanangozilota. Ndi mwambo, ndipo ukadziwa kumene unachokera umasankha ndi mtima wokhazikika.

Kale, nthawi ya Fausto Coppi amene anapambana Giro d'Italia ndi Tour de France, mipikisano ikuluikulu ya njinga ya ku Italy ndi ku France, m'chaka chimodzi mu 1949 n'kubwerezanso mu 1952, tepi inali ya nsalu ya thonje, yopyapyala, yopanda chofewetsa chilichonse. Ku France kampani ya Velox inatchuka nayo nsalu imeneyi, ndipo mpaka pano ikupezeka. Ena, makamaka oyenda maulendo aatali, ankaipaka shellac, vanishi wochokera ku tizilombo tina ta ku India ndi Thailand, kuti isamamwe mvula ndi thukuta. Mukaona zithunzi za Eddy Merckx wa ku Belgium, amene anapambana Tour kasanu ndi Giro kasanu, ali ndi timu ya Molteni m'zaka za m'ma 1970, mudzaona njinga ya olenji, mahandulo atakulungidwa nsalu yoyera mbee. Chithunzi chimenecho n'chimene chinakhazikika m'mitu ya anthu.

Tsono taganizirani nsalu ya thonje yoyera imene munthu waigwira maola asanu ndi limodzi, manja ali thukuta, mwina wakonza tcheni panjira zala zadzaza girisi. Pofika madzulo yada bii. Kuti mawa ayambenso ndi yoyera, pafunika munthu wina woti usiku achotse yakudayo n'kukulunga yatsopano. Katswiri anali naye makaniko wa timu wogwira ntchito imeneyo. Wopalasa wamba analibe. Apa m'pamene panachokera mawu akuti yoyera ndi ya akatswiri: inkasonyeza kuti njinga iyi ili ndi woisamalira tsiku ndi tsiku. Ine ndimaiyerekeza ndi malaya oyera a amayi a Mvano. Chimene timalemekeza tikawaona Lamulungu si utoto wa nsaluyo, koma manja amene anachapa ndi kusita. Malaya omwewo atakhala ndi litsiro m'khosi ulemu wonse umachoka. Tepi yoyera ndi chimodzimodzi. Palibe wokuletsani, koma mukaiika mwalonjeza kuti muziitsuka.

Nsalu ija sinakhale yokha mpaka kalekale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera tepi ya Benotto, ya pulasitiki yonyezimira, yopyapyala ngati pepala la maswiti, ya mitundu yambirimbiri. Benotto ndi dzina la ku Italy koma kampaniyo inakakhazikika ku Mexico, ndipo Francesco Moser anapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1977 ku San Cristóbal, m'dziko la Venezuela, ali pa njinga ya Benotto. Tepiyo inali yokongola, yosavuta kupukuta, koma yoterera manja akanyowa ndipo sinkachepetsa kugwedeza kwa msewu ngakhale pang'ono. Kenako m'zaka za m'ma 1980 kampani ya Cinelli ya ku Milan inatulutsa tepi yofewa yosakaniza ndi tizidutswa ta khungwa la mtengo wa cork. Imeneyi ndiyo kholo la matepi ambiri amene tikugula lero. Inabweranso pa nthawi yake, chifukwa nthawi yomweyo mawaya a mabuleki anasiya kutulukira pamwamba ngati nyanga n'kuyamba kudutsa pansi pa tepi, ndiye tepi yokhuthala inkawabisa bwino. Njinga yanu yachitsuloyo mwina ndi ya nyengo imeneyi. Tayang'anani: ngati mawaya akutulukira pamwamba pa zogwirira mabuleki, nsalu ya thonje kapena tepi yopyapyala ndiyo imaikhala. Ngati akudutsa m'mbali mwa handulo, gulani yofewa.

Za kufananitsa tepi ndi chishalo, zimenezo ndi za maso chabe. Gulu lina la okonda njinga lotchedwa Velominati linalemba pa intaneti mndandanda wa malamulo ake, ndipo lachisanu ndi chitatu limakamba zofananitsa chishalo, tepi ndi matayala. Anthu ambiri amene amati "ndi lamulo" amakhala akubwereza zimenezo, mwina osadziwa n'komwe kumene zinachokera, ndiponso osadziwa kuti eni akewo analemba mosakaniza ndi nthabwala. Nzeru yake ilipo pang'ono: njinga ikakhala ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha, diso limapuma. Koma akatswiri ambirimbiri apalasa ndi chishalo chakuda ndi tepi yoyera, ndipo pa felemu yofiira ngati yanuyo zimakongola kwambiri.

Pamene ine ndimachita nawo mantha ndi pa mitundu imene ili ndi tanthauzo. Jezi yachikasu ya Tour de France, imene amavala wotsogola mpikisano, inayamba mu 1919, woyamba kuivala anali Eugène Christophe, ndipo anthu amailumikiza ndi nyuzipepala ya L'Auto imene inkakonza mpikisanowo, yomwe inkasindikizidwa pa pepala lachikasu. Jezi yapinki ya wotsogola Giro inayamba mu 1931, kutengera pepala lapinki la nyuzipepala ya La Gazzetta dello Sport. Yobiriwira ya Tour, ya wokwera wa mapointi ambiri, inabwera mu 1953, ya madontho ofiira ya katswiri wa m'mapiri mu 1975, ndipo ku Vuelta a España, mpikisano wa ku Spain, wotsogola wakhala akuvala yofiira kuyambira 2010. Masiku ano wokwera akangotenga jezi imodzi mwa zimenezi, amakaniko sagona msanga: m'mawa mwake njinga imatuluka ndi tepi ya mtundu wa jeziyo, nthawi zina ndi felemu yomwe. Mario Cipollini wa ku Italy anathandiza kufalitsa khalidweli mu 1997, pamene anatulukira ndi kabudula wachikasu ndi njinga yachikasu atatenga jezi ya Tour, ndipo anamulipiritsa chindapusa chifukwa chosavala kabudula wa timu yake. Tepi ndi chinthu chotchipa komanso chofulumira kusintha pa njinga yonse, n'chifukwa chake ndiyo imayamba kulengeza kuti munthu wapambana.

Mitundu imeneyi kwa ife a mu Africa siilinso ya kutali. Daryl Impey wa ku South Africa anavala yachikasu mu 2013. Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala ya madontho ofiira masiku angapo mu 2015 ali ndi timu ya MTN-Qhubeka. Ndipo mu 2024 Biniam Girmay, wa ku Eritrea komweko, anapambana zigawo zitatu za Tour n'kufika ku mapeto ndi jezi yobiriwira. Tsiku limenelo ine misozi inalengeza m'maso. Ngati mnyamata wa ku Ndirande atakulunga tepi yobiriwira chifukwa cha Girmay, ndingamugwire chanza, chifukwa akudziwa chimene wanyamula m'manja. Chokhacho chimene ine sindingaike pa njinga yanga ndi mizere isanu ya utawaleza, chizindikiro cha katswiri wa dziko lonse kuyambira 1927 pamene Alfredo Binda anapambana. Imeneyo ndimaiona ngati mpando wa mfumu. Palibe wapolisi woulondera, koma munthu wolongosoka sakhalapo.

Palinso mtundu wa celeste, wobiriwira motuwira cha ku buluu, wa njinga za Bianchi, kampani imene inayamba ku Milan mu 1885. Ndi mtundu wa Coppi, komanso wa Marco Pantani amene mu 1998 anapambana Giro ndi Tour pa Bianchi ya celeste ndi chikasu. Tepi ya celeste pa njinga ya kampani ina okonda Bianchi imawawawa mumtima. Pa felemu yofiira musayese n'komwe, sizikhalana.

Tsopano tibwere kuno kwathu, chifukwa misewu ya ku Italy si imene mupalasemo. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala fumbi lofiira limalowa paliponse, ndipo ngakhale muli pa phula, malole akamadutsa amakumwazirani la m'mbali mwa msewu. Dzinja likafika ndi matope. Ndiye tayala likaphulika panjira, mumakonza nokha ndi manja omwewo amene mugwirire handulo. Tepi yoyera ya cork imamwa dothi lofiirali, ndipo pakatha milungu yochepa imasanduka yakhaki, osayeranso ngakhale mutakwecha bwanji. Ngati mwatsimikiza za yoyera, funani ya khungu losalala losamwa madzi, ngati zimene amapanga a Fizik kapena Lizard Skins. Imeneyo mukabwera ku ulendo mumangoipukuta ndi kansanza konyowa ndi sopo pang'ono. Magulovesi akuda otchipa nawonso amasiya utoto pa tepi yoyera mukatuluka thukuta, ndiye muwachape kaye kangapo. Yakuda ilibe mavuto onsewa, ndipo musaione ngati ya anthu otsalira: matimu ambiri aakulu lero akupalasa ndi yakuda.

Kwa ine kukhuthala ndi nkhani yaikulu kuposa mtundu. Matepi ambiri amayambira mamilimita osakwana 2 kufika pa 3 ndi kupitirira pang'ono. Ku Paris-Roubaix, mpikisano wa mu Epulo umene unayamba mu 1896 ndipo uli ndi makilomita opitirira 50 a misewu ya miyala, okwera ambiri akhala akukulunga tepi kawiri, ina pamwamba pa inzake, kuti manja asachite matuza. Amene anatsikapo phiri la Zomba kapena chitunda cha ku Chikwawa atagwira mabuleki mpaka pansi akudziwa mmene zala zimachitira dzanzi. Pa phula lathu la zigamba ndi maenje, ine sinditsika pa mamilimita 2.5.

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse, achimwene, poti njingayo ndi ya kaunjika. Mukachotsa tepi yakaleyo, musafulumire kukulunga yatsopano. Yang'anitsitsani handulo yonse, makamaka pamene pamangidwa zogwirira mabuleki. Thukuta lili ndi mchere, limalowa pansi pa tepi n'kumadya aluminiyamu mwakachetechete. Ine ndinagulapo njinga ina tepi yake ili yowala bwino, koma nditavundukula ndinapeza ufa woyera ndi timaenje takuya pomwe pamagwira dzanja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Handulo yotero imathyoka munthu ali pa liwiro, ndipo ndinaitaya tsiku lomwelo. Mukapeza timaenje kapena mng'alu, sinthani handulo, za mtundu wa tepi zibwere pambuyo.

Pokulunga, yambirani kumapeto kwa handulo m'munsi kukwera m'mwamba, mutasiya kachidutswa kolowetsa m'bowo. Kale nsalu ankaiyambira pamwamba kutsikira pansi, koma tepi yokhuthala mukatero m'mphepete mwake mumapindika manja akamatsetsereka. Kumunsiko tepi ikamadutsa pamwamba pa chitsulo izilowera kunja kwa njinga, mbali zonse ziwiri, kuti dzanja likamafinya liziimangitsa m'malo moimasula. Kokani mokwanira koma osaidula, mzere uliwonse uphimbe gawo limodzi mwa magawo atatu a unzake. Pa zogwirira mabuleki pindani mphira wake m'mwamba, ikani kachidutswa kamene kamabwera m'paketi kumbuyo kwake kuti chitsulo chisaonekere, ndiye pitirizani. Pamwamba dulani mopendeketsa kuti pathere mowongoka, mumange ndi tepi yakuda ya magetsi kawiri kapena katatu, mbali zonse zithere pa mtunda wofanana kuchokera pakati. Pomaliza tsekani mabowo a kumapeto ndi zotsekera zake. Zimenezi si zokongoletsa: chitsulo chosatseka chimaboola ntchafu kapena mimba munthu akagwa, ndipo m'mipikisano yambiri sangakuloleni kunyamuka popanda zotsekerazo.

Njinga yanuyo ikanakhala yanga, ndikanaika yoyera yosalala ija, chishalo n'kuchisiya chakuda momwemo, kansanza n'kumakhala m'thumba la kumbuyo kwa jezi. Mukaona kuti nthawi yopukuta mulibe, ikani yakuda ya mamilimita atatu. Mukavundukula tepi yakaleyo jambulani handuloyo pafupi ndi mabuleki mutumize muno, tiione kaye limodzi musanakulunge.