Funsani Adokotala: mphuno yotsekeka, pathupi ndi mantha a khansa

Adokotala moni. Ndili ndi pathupi pa miyezi 7, mimba yoyamba, ndiye vuto langa ndi mphuno, inatsekeka kuyambira mwezi wachisanu mpaka pano moti usiku ndimapumira mkamwa ndipo abambo akunyumba akuti ndayamba kuliza mkonono zomwe kale sindinkachita. Masainasi ndinali nawo ndisanaime koma pano zanyanya. Ndimapopera ka sipuleyi kena ndinagula kufamase, kamathandiza maola ochepa kenako basi yatsekanso kuposa poyamba. Chandiopsa kwambiri ndi choti ndinawerenga pa intaneti kuti masainasi osatha amasanduka khansa. Zoona zimenezi? Nanga ka sipuleyika sikakuvulaza mwana?
Mayi wa mimba yoyamba

Mayi, tiyambe ndi ka sipuleyiko chifukwa ndikukayikira kuti ndi komwe kakukulitsa vutoli. Tayang'anani pa botolo, mukapeza palembedwa oxymetazoline kapena xylometazoline dziwani kuti ndi mankhwala ofinya timitsempha ta magazi ta mkati mwa mphuno, nchifukwa chake mukapopera imatseguka pompo, koma mphamvu yake ikatha timitsempha tija timafufuma kuposa poyamba, inu mupoperanso, iyo itsekanso, mpaka mphuno kuzolowera moti singatseguke popanda botolo. Amenewa ndi mankhwala a masiku 3, kuchulukitsa 5, osati miyezi. Kasiyeni. Sabata yoyamba ikhala yowawa sindikunamizani, ena zimawaphwekera akasiya mbali imodzi kaye, ikazolowera nkusiyanso inayo. Za mwana musadzizunze nazo mumtima, mankhwala opopera mmphuno amalowa ochepa m'magazi, komabe botololo mukapite nalo kusikelo akalione, makamaka ngati BP yanu imakwera. Za mkononozo mukawauzenso.

Mimba payokha imatseka mphuno. Magazi a mayi woyembekezera amachuluka kwambiri, mahomoni nawo amafufumitsa kakhungu ka mkati mwa mphuno, ndipo zimachitikira mayi pafupifupi mmodzi mwa 5 aliwonse. Chizindikiro chake ndi choti imatseka mbali zonse ziwiri kapena kusinthanasinthana, thupi silitentha, mamina amakhala oyera, ndipo mukachira imatha yokha pasanathe masabata awiri.

Masainasi osatha ndi nkhani ina ngakhale ziwirizi zimatha kukumana mwa munthu mmodzi ngati inuyo. Masainasi ndi timphako ta m'mafupa a nkhope, m'masaya, pamphumi, pakati pa maso ndi kuseri kwa mphuno, ndipo kalikonse kali ndi kabowo kotulutsira mamina. Kabowoko kakatupa mamina amadikha mkatimo. Timati ndi osatha zikapitirira masabata 12: mphuno yotsekeka, mamina olimba ena otsikira kukhosi, nkhope kulemera, fungo osalimva bwino.

Chomwe mungayambe lero ndi kutsuka mphuno ndi madzi a mchere. Theka la lita ya madzi owiritsa ndi kuzizira, supuni yaing'ono imodzi ya mchere yosadzaza kwambiri, muzitsuka kawiri pa tsiku. Kuwiritsako musakulumphe chonde, madzi osawiritsa amatha kukhala ndi tizilombo tomwe mmimba sitivuta koma mmphuno ndi toopsa. Pogona mutu uzikhala pokwererako. Zikakanika adokotala angakulembereni sipuleyi ya mtundu wina, ya steroid monga budesonide, yomwe yagwiritsidwa ntchito ndi amayi oyembekezera ambiri, imeneyo siitsegula pompo ayi, imafuna sabata kapena awiri mukupopera tsiku ndi tsiku. Mapiritsi a chimfine okhala ndi pseudoephedrine apeweni, ibuprofen nayenso ayi pa msinkhu mimba yafikapa, mutu ukawawa paracetamol. Thupi likatentha, mamina nkukhala ngati mafinya, tsaya nkumapweteka, pamenepo pangafunike maantibayotiki ndipo amoxicillin amaloledwa, koma doxycycline ndi ciprofloxacin sitipatsa woyembekezera, choncho musamwe otsala a munthu wina. Opaleshoni ya masainasi imadikira muchire.

Tsopano za khansazo. Zomwe munawerengazo zili ndi pochokera koma anazipotoza. Ofufuza aku America anatsata mafayilo a anthu okalamba a zaka 65 kupita mtsogolo, zotsatira zinatuluka mu 2017, ndipo anapezadi kuti omwe analembedwa kuti ali ndi masainasi osatha ankapezeka ndi khansa ya mmphuno ndi ya kuseri kwa mphuno kuposa anzawo. Koma ataona bwino nthawi yake, kuchulukako kunali kwakukulu m'chaka choyamba chokha chilembedwereni masainasi, kenako nkutsika kwambiri. Taganizani, khansa siimera miyezi yochepa chonchi. Tanthauzo lake ndi loti mwa ambiri a iwowo chotupa chinalimo kale, chinatseka kabowo kaja, munthu nkumapatsidwa mankhwala a masainasi mpaka tsiku lomwe wina anaunika mkati. Ndipo patatha zaka 8, omwe anadwala khansayi sanafike ngakhale mmodzi pa 1,000 aliwonse a masainasi aja. Zomwe zimadziwika kuti zimayambitsa khansa za mkamwa, pakhosi ndi pakholingo ndi fodya, mowa ndi kachilombo ka HPV, ndipo ya m'masainasi imakonda anthu omwe apuma utuchi wa matabwa kwa zaka zambiri kuntchito. Zomwe mwalongosola inu sizikundipatsa mantha a khansa. Koma werenganinso kalata yotsatirayi kuti mudziwe pomwe zimasiyanira.

Adokotala, akazi anga ali ndi mimba ya miyezi 5. Pali chotupa pambali pa khosi kumanzere, chatha miyezi iwiri, sichipweteka koma chikukula, mphuno yakumanzere yomweyo ndi yotseka ndipo akamina mumatuluka timagazi, khutu lakenso akuti likumveka ngati mwalowa madzi. Kuchipatala anawapatsa amoxicillin kawiri palibe chasintha. Apongozi anga akuti tidikire achire kaye chifukwa masikani amapha mwana mmimba, ndipo akuti kamfuno ndi wa mimba basi. Ine mtima sukukhazikika. Tidikiredi?
Bambo wodandaula

Bambo, musadikire. Ndikunena mosapsatira chifukwa miyezi 4 yatsalayo ndi yambiri kwa chotupa chomwe chikukula. Apongozi anuwo akuteteza mdzukulu wawo ndipo pa kamfuno sakunama, amayi ambiri oyembekezera amatuluka magazi mmphuno, koma muwafotokozere mwaulemu kuti kuyezetsa kumene ndikunenaku sikukhudza mwana.

Sindikuti ndi khansa. Chotupa cha pakhosi chosamva maantibayotiki chingakhale TB ya mwanabele, chingabwere ndi HIV, ndipo palinso kanyama kofiira kamene kamamera mmphuno kapena m'nkhama nthawi ya mimba, kamatuluka magazi kwambiri koma si khansa ndipo kawirikawiri kamafota mayi akachira. Chomwe chandiimika ine m'kalata yanu ndi mawu oti kumanzere. Zonse zili mbali imodzi. Mahomoni a mimba sasankha mbali. Kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero, kuli kanjira kopita ku khutu, ndiye chinthu chikamera pamenepo chimatseka mphuno, chimatseka kanjirako khutu nkudzaza madzi, kenako mwanabele wa pakhosi nkutupa, ndipo nthawi zambiri chotupa cha pakhosicho ndi chomwe munthu amayamba kuona. Khansa ya malo amenewa imayenderana ndi kachilombo ka Epstein-Barr ndipo imagwiranso achinyamata omwe sanasutepo fodya, choncho ngakhale mayiwa atakhala wamng'ono zisakugonetseni tulo.

Bwererani kuchipatala sabata ino, mukanene masiku enieni, kuti chatha miyezi iwiri, chikukula, amoxicillin wamwedwa kawiri, ndipo mupemphe akutumizeni kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, uja timangoti wa ENT. Iyeyo amalowetsa kachubu kowonda kokhala ndi kamera mmphuno, mphindi zochepa chabe munthu ali maso. Chotupacho amachiunika ndi sikani yofanana ndi yomwe amaonera mwana kusikelo, kenako amatengako timaselo ndi singano yopyapyala kukayeza ku labu. Palibe chilichonse mwa izi chofika pa chiberekero. Pakafunika zithunzi zozama pali MRI yomwe ilibe cheza cha ekisire, amangopewa mankhwala obaya otchedwa gadolinium, ndipo ngakhale sikani ya ekisire yotchedwa CT ya mutu ndi khosi cheza chofika kwa mwana chimakhala chochepa zedi chifukwa mimba ili kutali.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga atapeza khansa ndiye kuti mimba ichotsedwe? Kale ambiri ankaganiza choncho, mwina kuchotsa mimba mwina kubereketsa mwana masiku asanakwane kuti mayi ayambe mankhwala. Khansa imapezeka pa mimba pafupifupi imodzi mwa 1,000, ndipo dokotala wina waku Belgium, Frédéric Amant wa ku Leuven, ndi anzake anayamba kutsata ana obadwa kwa amayi otere. Mu 2015 anatulutsa zotsatira za ana 129, ambiri mwa iwo amayi awo analandira kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, ali oyembekezera, ndipo atawayeza nzeru, mtima ndi kakulidwe ali aang'ono sanasiyane ndi ana ena. Chomwe chinaoneka kuti chikubweza ana m'mbuyo ndi kubadwa msanga, kaya mayi analandira kemo kaya ayi. Ine zotsatira zimenezi zimandikhudza kwambiri chifukwa zinasintha mmene timalankhulira ndi mabanja ngati lanu. Kemo siiperekedwa miyezi itatu yoyamba pamene ziwalo za mwana zikuumbika, koma kudutsa apo mitundu ingapo imatheka, ndipo amaimika patatsala masabata pafupifupi 3 kuti mayi achire. Si kuti ilibe vuto konse, mankhwala a kemo otchedwa cisplatin omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa khansa za mutu ndi khosi amatha kukhudza makutu a mwana ndiye khanda limayezedwa kamvedwe. Opaleshoni imayenda bwino pakati pa mwezi wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi, apa pomwe akazi anu ali. Radiotherapy, kutanthauza kuwotcha khansa ndi cheza, ndi yomwe imafuna kukambirana kwakutali pakati pa madokotala a khansa ndi a amayi oyembekezera, pena amadikira mwana abadwe pena amatchinga mimba nkupitiriza, zimatengera msinkhu wa mimba ndi mmene matenda afikira.

Ndipo kwa aliyense akuwerenga, woyembekezera kaya ayi: chilonda cha mkamwa chosapola, mawu osasa, chotupa cha pakhosi, chilichonse mwa izi chikadutsa masabata 3 kachionetseni. Tsaya kuchita dzanzi, dzino kugwedera popanda chifukwa, diso kutong'oka kapena kuona zinthu ziwiriziwiri, zimenezo musadikire nkomwe masabata atatuwo.

Adokotala, ine ndi namwino wongoyamba kumene ntchito. Pafupifupi pepala lililonse la mankhwala limati sanayesedwe mokwanira pa amayi oyembekezera. Bwanji osangowayesa tidziwe chimodzi? Ndipo mayi akapemphedwa kulowa kafukufuku ndimulangize chani?
Namwino watsopano

Anamwino, funso lanu ndi lomwe akuluakulu a kafukufuku akulimbana nalo mpaka lero. Gwero lake ndi thalidomide, mankhwala omwe amayi ankamwa chifukwa cha nseru kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mpaka anachotsedwa mu 1961, ana opitirira 10,000 atabadwa ndi manja ndi miyendo yosakula. Ku America sanaloledwe kugulitsidwa chifukwa mayi wina wa ku FDA (bungwe la boma lovomereza mankhwala kumeneko), Frances Kelsey, anakana kusaina akufuna umboni wina. Mantha omwe anatsatira anali omveka, moti mu 1977 FDA inalangiza kuti amayi omwe angathe kutenga pathupi asamalowe m'magawo oyambirira a kuyesa mankhwala, ndipo malangizowo anasinthidwa mu 1993. Koma oyembekezera enieniwo amasiyidwabe panja nthawi zambiri, ndipo chomvetsa chisoni ndi choti mayi woyembekezera sasiya kudwala, amamwabe mankhwalawo, kungoti popanda womuyang'anira. Pa masainasi pompa, akatswiri atasanthula zolembedwa zonse mu 2016 sanapeze kafukufuku wamphamvu ngakhale mmodzi wa kachiritsidwe kake pa amayi oyembekezera, malangizo omwe tikugwiritsa ntchito anawamanga pa zomwe zinadziwika kwa amayi a asima ndi a chimfine cha ziwengo, kuphatikiza nzeru za akatswiriwo.

Mayi akapemphedwa, muthandizeni kufunsa kuti ndi kafukufuku wamtundu wanji. Wina amangolemba zomwe mayi akulandira kale nkumatsata mwana akabadwa, ngati uja wa ku Leuven, pamenepo palibe mankhwala atsopano. Wina amagawa anthu m'magulu mwamaere, apa afunse kuti gulu lililonse lilandira chani, zinayesedwa kale pa ndani, mwana adzatsatidwa kwa zaka zingati, ndipo vuto likachitika alipira chithandizo ndani. Afunsenso ngati komiti yoona za ufulu wa olowa kafukufuku inavomereza. Fomu aiwerenge m'chilankhulo chomwe amamva, akhoza kupita nayo kunyumba akaganize kaye, ndipo mumuuze momveka kuti akakana kapena akatuluka pakati, sikelo yake ndi mankhwala ake zipitirira monga mwa nthawi zonse.