Asavomere mlandu wa vakabu chifukwa chongofuna kutuluka

Mayi,

Mwati mwana wanu anagwidwa pa chipikisheni cha apolisi m'bandakucha akupita kumsika kukapikula tomato, ndipo wagona masiku atatu m'chitokosi pa mlandu wa vakabu. Mukufunsa ngati angovomera, alipire chindapusa, atuluke.

Asavomere msanga. Choyamba mufunse wapolisi amene ali ndi fayilo kuti akumuzenga pa gawo liti la malamulo. Ngati ndi gawo 184(1)(c) la Penal Code (buku la malamulo a milandu ya umbanda), lija lomanga munthu pongomuganizira kuti ali pamalopo ndi cholinga choipa, linafa kale. Khoti Lalikulu linalithetsa mu Januwale 2017 pa mlandu wa Gwanda, venda amene anagwidwa ku Blantyre akupita kukagulitsa majumbo, chimodzimodzi mwana wanuyu. Mu 2022 khoti lomwelo, ku Zomba, linanenanso kuti kugwira anthu mwachisawawa pa chipikisheni n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dzikowo limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha nthawiyo itathera tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito. Ali ndi ufulu wopempha belo, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti "muganizire bwana", musatulutse kalikonse. Mukapanda ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu.

Ndinene maganizo anga pang'ono. Lamulo la vakabu tinalitengera kwa atsamunda, gwero lake ndi lamulo la ku England la 1824. Akatswiri ena oona za umbanda amati malamulo otere sanalembedwe kuti agwire akuba ayi, koma kuti asauke asamaoneke m'misewu ya olemera. Ine ndimagwirizana nawo. Woyenda pa galimoto 4 koloko usiku palibe amamufunsa kumene akupita. Wapansi wosenza dengu ndiye wokayikitsa. N'chifukwa chake kufufuta gawo limodzi sikunathetse nkhaniyi. Apolisi ena amangosamukira ku gawo 180, la kukhala mosokoneza, majisitireti n'kumva anthu khumi m'mawa umodzi, onse akuvomera kuti apite kwawo. Mbiri yoti anapezeka wolakwa imatsalira m'mabuku, ndipo imadzamutsata pofuna ntchito.

Mawa m'mawa mupite ndi achibale awiri okhala ndi ziphaso za unzika, oti akhale mboni za belo. Mwana wanu akafika pamaso pa majisitireti anene kuti akukana mlandu, atchulenso tsiku ndi ola limene anagwidwa.