Achimwene a Golf 5 GTI, K04 ija musathamangire

Ndaona funso lanu lija loti mukufuna kuchotsa turbo ya K03 yobwera ndi Golf 5 GTI yanu muike K04 yomwe ndi yaikulupo ndipo mukufunsa kuti chikwere kwambiri nchani, horsepower kapena torque. Ine ndayendetsapo galimoto yomweyo zaka zingapo muno mu Lilongwe ndiye ndingokuuzani mmene ndikuonera, enanso awonjezera.

Ziwirizi sizosiyana kwenikweni ngati mmene anyamata amakanganirana pa car wash. Torque ndi mphamvu yopotokola ija, imene imakukankhirani pampando mukangoponda moto, horsepower (mahatchi) ndi torque yomweyo koma mutaichulukitsa ndi ma rev, kuzungulira kwa injini pa mphindi (rpm). Tengani ma Nm (muyeso wa torque), chulukitsani ndi rpm, gawani ndi 9549, mupeza ma kW (muyeso wina wa mphamvu ngati mahatchi). Golf yanuyo ikuchokera kufakitale ili ndi 280 Nm ndi mahatchi 200. Pa 5000 rpm, 280 ija imakupatsani pafupifupi 147 kW, omwe ndi mahatchi 200 aja basi. Koma pa 2000 rpm, pamene inu mumakhala tsiku lonse mukulimbana ndi maminibasi ndi akabaza ku Old Town, 280 yomweyo ndi mahatchi ngati 80 okha. Ndiye nambala yaikulu imene amakuuzani ogulitsa turbo imakhala kumtunda uko, kumene singano yanu ya ma rev imafikako mwina kawiri pa mwezi.

Kuti muone chimene K04 imachita, yang'anani Audi S3 ya 2006, injini ya banja lomwelo ya 2.0 koma yobwera ndi K04. Iyo ili ndi mahatchi 265 ndi 350 Nm. Mahatchi akwera ndi 65, torque yakwera ndi 70, zabwino ndithu. Koma tawonani apa, GTI imapereka torque yake yonse kuyambira 1800 rpm pomwe S3 imayambira pa 2500. Turbo yaikulu imafuna utsi wambiri kuti izungulire, ndiye pansipo galimoto imakhala ngati ikuganiza kaye, kenako ndi pomwe imadzuka mwaukali. Mukamatuluka pa raundabauti kapena mwangodutsa hampu muli giya 2 kapena 3, kuchedwa kumeneko kumatopetsa, ena amati amazolowera koma ine ayi.

Komanso musaiwale kuti Lilongwe tili pamtunda, mamita oposa 1000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya kuno ndi wopepuka pafupifupi 10 peresenti. Turbo imabweza mphamvu yotayikayo inde koma imachita kuzungulira kwambiri ndipo imachedwerako kudzuka. Manambala mukuwerenga pa intaneti ambiri anayezedwa ku Ulaya kozizira, ndi petulo wa octane yapamwamba. Kuno mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) yatentha, kompyuta ya galimoto imabweza timing (nthawi yoyatsira mapulagi) yokha poopa knock (petulo kuphulika mosalongosoka mu injini), mahatchi munalipira aja ena amangosowa osatsanzika.

Ndipo K04 siyenda yokha. S3 ija ili ndi ma injector (zopopera petulo mu injini) aakulu, intercooler yaikulu, mkati mwa injini ndi molimbitsidwa ndipo compression (kapanikizidwe ka mpweya mu injini) ndi yotsikirapo. Inu mukangomangirira turbo pa injini yanu popanda zimenezi komanso popanda remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini) yolondola, mwangogula mavuto. Chimene chimapha kilatchi ndi giyabokosi ndi torque osati horsepower, ichi anthu ambiri sachidziwa. Mnzanga wina anamuikira turbo yaikulu pa galaja ina yake, makaniko anamutsimikizira kuti zonse zili bho, sabata ziwiri zokha kilatchi inayamba kuterereka pa chikweza akupita ku Dedza, ma rev kukwera galimoto osapita. Anaima miyezi akudikira spare, ndi vuto la forex lija mukulidziwa.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kuona ngati mahatchi 200 a fakitalewo alipodi, chifukwa galimoto ya zaka pafupifupi 20 nthawi zambiri ena anathawa kalekale. Muyang'anitse diverter valve (valavu ya pa turbo), imang'ambika ndipo boost, mpweya wopanikizidwa ndi turbo, imathawira pomwepo. Muyang'anitsenso cam follower, kachitsulo kokhala pakati pa pampu ya petulo ndi camshaft, injini zimenezi zimadziwika nayo, ikabooka imadya camshaft. Mapulagi, ma coil, mapaipi a boost, oyilo wabwino osati wapamsewu wothira m'botolo la madzi. Ku Biwi zina mwa izi mupeza koma mupite ndi munthu wodziwa kusiyanitsa zenizeni ndi zabodza.

Zikatheka zimenezo pangani remap pa K03 yomweyo. Torque yapakati imakwera moti mumva ndi thupi, pooveteka thiraki pa M1 simudzafunikanso kutsitsa magiya awiri, ndipo ndalama yake ndi yochepa kutalitali poyerekeza ndi K04 ndi katundu wake yense. Mafutanso ganizirani, tonse tagonapo pa mzere wa pa filling station.

K04 ndi ya munthu amene amakonda kukoka mpaka 6000 rpm ndipo ali ndi bajeti ya ma injector, intercooler ndi kilatchi pakamodzi. Ngati ndi inuyo pitirizani, koma uzani wopanga remap asakupatseni torque yonse mwadzidzidzi pansi, aikweze pang'onopang'ono. Tatiuzeni kaye, yanuyo ndi manual kapena DSG (giyabokosi ya automatic), ndipo yayenda makilomita angati?