Chaka cha 1953 cholembedwa pa uta wa Bear si chaka chimene utawo unapangidwa

Bambo, mwafunsa ngati uta umene mwaupeza m'katundu wa malemu amalume anu unapangidwadi mu 1953, popeza chaka chimenecho chalembedwa pamkono wake wam'munsi pafupi ndi dzina lakuti Canada, ndipo mwanenanso kuti pali dzina la kampani ya Bear, mawu akuti Grayling, Michigan, komanso manambala akuti 66" ndi 35#. Chaka chimenecho chasokoneza anthu ambiri. Ndi chaka chimene kampaniyo inapatsidwa patenti (chikalata cha boma choletsa ena kukopera kapangidwe kake) ku Canada, ndipo inapitiriza kuchidinda pamauta ake mpaka mu 1972. Choncho chimene chakacho chikutiuza n'chakuti uta wanu unatuluka m'fakitale pakati pa 1953 ndi 1972 basi. Dzina la Grayling silikutichepetsera zakazo, chifukwa Fred Bear, amene anayambitsa kampaniyo, anasamutsira ntchito yake m'tauniyo kuchokera ku Detroit mu 1947, ndipo fakitaleyo inakhala kumeneko mpaka pamene inasamukira ku Gainesville, Florida, mu 1978.

Manambala awiri enawo akunena za kukula ndi mphamvu. Utawo ndi wotalika mainchesi 66, ndipo mukakoka nsinga yake kufika mainchesi 28 umalemera mapaundi 35 m'zala zanu. Uta wautali koma wofewa chonchi unapangidwira mpikisano wolasa chandamale, kumene munthu amaponya mivi yambirimbiri tsiku limodzi ndipo amafuna uta wosatopetsa, pamene mauta osakira nyama a nthawi imeneyo ankakhala aafupi ndiponso olimba kwambiri.

Kuti zaka makumi awirizo zichepe, yang'anani kachitsulo kozungulira kooneka ngati ndalama kamene kali pachogwirira, kokhala ndi chithunzi cha chimbalangondo. Bear anayamba kuika kachitsuloka mu 1959, ndipo mtundu wake unkasintha. Koyambirira kanali ka mkuwa wofiira, mu 1960 ndi 1961 kanali ka aluminiyamu, ndipo kuyambira 1963 mpaka cha mu 1970 kanali ka mkuwa wachikasu. Zonsezi zinkalowetsedwa m'thabwa n'kukhala zofanana nalo pamwamba, moti chala sichikodwa mukachipititsa pamenepo. Chakumapeto kwa 1972 ndi pamene anayamba kuika kotukuka, kapulasitiki. Ngati uta wanu ulibe kachitsulo ndiponso ulibe dzenje limene kanakhalapo, ndiye kuti mwina ndi wakale kuposa 1959, ndipo pamenepo chogwirira chake chiyenera kukhala chaching'ono, mwinanso chokutidwa ndi chikopa.

Nambala ya utawo, imene inkalembedwa pamanja pafupi ndi chogwirira, ndi imene ingakupatseni chaka chenicheni, koma kwa zaka zochepa zokha. Kuyambira 1965 mpaka 1969 nambala yoyamba inkaimira chaka, kutanthauza kuti yoyamba ndi 5 ndi ya 1965 ndipo yoyamba ndi 8 ndi ya 1968. Kuyambira 1970 manambala anayamba ndi chilembo cha K. Manambala a zaka za m'mbuyo mwa 1965 sathandiza kwenikweni, chifukwa kampaniyo inkabwereza manambala omwewo pamauta osiyanasiyana. Onaninso ngati pafupi ndi kutalika kwa utawo pali zilembo zakuti AMO. Bungwe la opanga mauta ku America limeneli linakhazikitsa miyezo yake mu 1968, choncho uta wokhala ndi zilembozo sungakhale wa m'zaka za m'ma 1950, kaya wogulitsa anene zotani.

Chimene ndikufuna kuti mugwiritsitse n'chakuti chizindikiro chimodzi pachokha si umboni wokwanira. Kachitsulo kaja kamatha kugwa, mwiniwake n'kumatapo kena kochokera pa uta wina. Fakitale inkamaliza kaye zipangizo zotsala za chaka chapita isanayambe zatsopano, ndipo uta umene unaoneka m'kabuku ka malonda ka chaka china unkayamba kupangidwa miyezi ingapo chakacho chisanafike. N'chifukwa chake kachitsulo, nambala, mtundu wa thabwa la chogwirira ndi mtundu wa fiberglass (pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi) ya pamikono ziyenera kugwirizana zonse musanatchule chaka. Zikatsutsana, ine ndimakhulupirira kwambiri kapangidwe ka thupi la utawo kuposa chinthu chimene munthu angachotse ndi mpeni. Timabuku ta malonda timene Bear ankasindikiza chaka ndi chaka tinajambulidwa n'kuikidwa pa intaneti ndi anthu osonkhanitsa mauta akale, ndipo timeneti ndi timene tingakuuzeni ngati wanu ndi wa mtundu wa Kodiak Special, Polar kapena Tamerlane. Tamerlane ndi amene anali uta wapamwamba wa mpikisano wa kampaniyi m'zaka za m'ma 1960.

Kapangidwe kameneka kamathandizanso kwa anzathu m'gulu lino amene ali ndi mauta a makampani ena monga Hoyt wa ku St. Louis, Wing wa ku Texas, Ben Pearson wa ku Pine Bluff, Black Widow kapena Yamaha wa ku Japan, kumene manambala nthawi zambiri sanena chaka. Zogwirira za mauta a mpikisano zinakula ndi kulemera kwambiri m'zaka za m'ma 1960, zopangidwa ndi matabwa olemera a m'mayiko otentha, ndipo Earl Hoyt Jr. anayamba kuika ndodo zolemera zoletsa kugwedera pa uta wake wa Pro Medalist kumayambiriro kwa zaka zomwezo. Masewera oponya mivi atabwerera ku Olympics ya ku Munich mu 1972, atasowako kuyambira 1920, John Williams anapambana golide ndi uta wa Hoyt wotha kumasulidwa mikono, ndipo m'zaka zochepa zotsatira mauta a thabwa limodzi anayamba kusowa pamipikisano ikuluikulu. Uta wa chogwirira chachitsulo ndi mikono yomasula, motero, kawirikawiri ndi wa m'ma 1970 kapena pambuyo pake. Komabe samalani ndi mabowo a zomangira, chifukwa eni ake ambiri ankaboola okha mauta akale kuti aikepo zida zimene zinabwera mochedwa.

Pali mbiri inanso imene fakitale siingakuuzeni, ya amalume anuwo. Oponya mivi ankamata kapepala kapena tepi pafupi ndi chopenyera, kachida kochalira chandamale, n'kulembapo mitunda imene ankaponyera. Mukapeza 90, 70, 50 ndi 30, amenewo ndi mamita a mpikisano wa amuna wa FITA, bungwe la dziko lonse la masewera oponya mivi limene masiku ano limatchedwa World Archery, pamene 100, 80 ndi 60 ndi mayadi a mpikisano wa York wa ku Britain. Zomata za kalabu, mivi imene inali m'bokosi limodzi ndi utawo, ngakhale lisiti lakale, zonsezi zisungeni pamodzi, ndipo mufunse achibale achikulire akadali moyo kuti malemuwo ankaponya kuti ndiponso ndi ndani.

Ndikukupemphani kuti musaupale ndi sandipepala kapena kuupaka vanishi watsopano, ngakhale ukuoneka wakuda, chifukwa zolemba zapamanja zija zili pansi pa vanishi wakaleyo ndipo zikafufutika sizibwereranso. Upukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono. Ngati mukufuna kuuponyera, choyamba yang'anani ngati mikono siinapotoke ndiponso ngati guluu sanalekane pakati pa thabwa ndi fiberglass, makamaka kunsonga ndi pamene chogwirira chimathera. Nsinga yake ikhale ya Dacron yokha. Nsinga zamakono monga Fast Flight sizitamuka, ndipo zimatha kung'amba nsonga za uta umene unapangidwa zisanabwere. Pomanga nsingayo gwiritsani ntchito chingwe chomangira uta m'malo mokanikiza ndi mwendo, ndipo musaukoke n'kuusiya wopanda muvi.

Mukatha, tumizani m'gulu lino zithunzi zowala bwino za nambala, kachitsulo kaja, zolemba zonse za pamikono iwiri, nsonga zake, ndi chogwirira chojambulidwa cham'mbali, kuti tizifananize ndi timabuku ta zaka zimenezo.