Funsani Mlenje: Zipolopolo zodzipangira ndekha zikumwaza machaka, ndiwonjezere onga?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndimakhala ku Missouri kuno ku America ndipo mnzanga wa kuntchito ndi amene anandikopa kuti ndiyambe kusaka nkhukundembo zakutchire, sizoni yake kuno imayamba mu Epulo mpaka kumayambiriro a Meyi. Zipolopolo za m'sitolo zandikwana ndi kudula ndiye ndinagula makina odzazira zipolopolo a MEC ogwiritsidwa kale ntchito nkuyamba kudzaza ndekha za mfuti ya chifefe ya 12 gauge. Wad (kapulasitiki kolekanitsa onga ndi machaka) imene inalembedwa m'buku la maresipi odzazira inandithera ndinangoika ina yooneka mofanana. Nditawombera pa pepala pa mayadi 40 machaka anangoti mbwee paliponse, pakati ndinawerenga 60 okha. Mnzanga uja akuti ndiwonjezereko onga pang'ono. Nditero? Wowerenga, Missouri.

YANKHO: Achimwene, musatero ayi, ndipo zimene mwadzaza ndi wad yobwereka zija musawomberenso, zimasuleni. Mnzanuyo mwina ndi katswiri poitana mbalame koma apa wakunamizani.

Chipolopolo cha mfuti ya chifefe chili ndi zinthu zisanu zomwe zimayendera limodzi, chikhungwa chake chapulasitiki, primer (kachitsulo koyatsa onga), onga, wad ndi machaka, ndipo resipi iliyonse ya m'buku la Lyman kapena ya makampani a onga a Hodgdon ndi Alliant inayesedwa mu labu ndi zinthu zomwezo ndendende. Mukasintha chimodzi, ngakhale primer 209 ya kampani ina, presha imasintha ndipo inu simungadziwe kuti yakwera bwanji. Malire a presha oikidwa ndi SAAMI, bungwe loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America, pa 12 gauge ya mainchesi 2¾ ndi 3 ndi 11,500 psi basi, yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya raifolo, ndiye choopsa chake nchakuti chifefe sichikuchenjezani. Odzaza za raifolo amayang'ana primer ngati yaphwatalala, kuno mutha kudutsa malire chikhungwa chikuoneka bwinobwino, mpaka tsiku lomwe mfuti idzakuphulikirani m'manja.

Komanso onga wambiri nthawi zambiri ndi amene amamwaza. Machaka a mtovu ndi ofewa, akakankhidwa mwamphamvu aja a pansi amaphwanyika m'mbali, ndipo chosazungulira bwino sichiyenda mowongoka, chimathawira kunja. Nchifukwa chake za nkhukundembo zambiri amathiramo buffer, ufa wapulasitiki uja, kapena kugwiritsa machaka okutidwa ndi kopa kaya nikelo. Koma buffer nayonso imakweza presha, ndiye muikemo pokhapokha resipi yanena.

Tsopano za pepala, apa mpamene ndikufuna mumvetsetse chifukwa ambiri amayesa mwachisawawa. Nkhukundembo sitiwombera thupi, nthenga zake nzolimba ndipo nyama yonse mungaiwononge, timaloza mutu ndi khosi pomwe pali bongo ndi fupa la msana, kamalo kakang'ono ndithu. Pezani pepala lalikulu, osachepera mainchesi 30 mbali zonse, osati kapepala ka mu printa, chifukwa pa kakang'ono simungaone kumene gulu la machaka lapita. Yezani mayadi 40 ndi tepi kapena rangefinder, kamakina koyezera mtunda, osati ndi mapazi, anthu timadzinamiza heve pa mtunda. Khalani pansi mfuti itatsamira pa thumba la mchenga kapena pa bondo mmene mudzakhalire kutchire. Mukawombera pezani pomwe mabowo achulukana, pamenepo jambulani bwalo la mainchesi 10 nkuwerenga, bowo lililonse mukulichonga ndi cholembera kuti musabwereze. Alenje ambiri amatenga 100 ngati muyezo, ndiye mtunda umene mfuti yanu imasiya kukwanitsa 100 ndiwo malire anu, kaya ndi mayadi 30 vomerezani. Ndipo musakhutire ndi kuwombera kamodzi, katatu kapena kasanu pa mtundu uliwonse, pepala latsopano nthawi iliyonse, mulembepo choke (kachitsulo kothinitsa kukamwa kwa mpope wa mfuti), resipi ndi mtunda.

Onaninso ngati pakati pa gulu lija pali pomwe munaloza. Zimachitika kwambiri kuti mfuti ikuponya bwino koma mainchesi angapo kumanzere kapena m'mwamba, mwina 60 wanu uja munawerenga m'mphepete chabe. Izi sizikonzedwa ndi onga, zimakonzedwa ndi zolozera zosinthika (ma sight) kapena red dot, kagalasi kolozera kokhala ndi kadontho kofiira. Muyeseko pa mayadi 15 komanso, muzadabwa, pafupi choncho gulu lonse limakhala ngati chibakera ndipo tambala akangogwedeza mutu mwaphonya.

Simunanene saizi ya machaka. Masamu ake ndi osavuta, mu ounce imodzi ya mtovu muli pafupifupi 135 a nambala 4, 170 a nambala 5 ndi 225 a nambala 6. Ngati mwadzaza nambala 4 ndiye 100 mu bwalo lija mudzaivutikira. Ine ndimakonda 5 kapena 6 pa mtovu. Simunanenenso choke. Mpope wa 12 gauge ndi pafupifupi .729 ya inchi ndipo ma choke a nkhukundembo amapanikiza kufika cha m'ma .660, koma wothina kwambiri si ndiye wabwino nthawi zonse, mfuti ina imakonda womasukako, pepala ndilo lidzakuuzeni. Ndipo tsukani mpopewo, pulasitiki ya wad imakanirira mkati nkusokoneza zotsatira.

FUNSO: Nanga TSS imene aliyense akuitama ija, ndingangoithira mmalo mwa mtovu pa resipi yomweyo? Wowerenga, Georgia.

YANKHO: Ayi achimwene. TSS ndi machaka opangidwa ndi chitsulo cha tungsten, kulemera kwake ndi magalamu 18 pa cc pomwe mtovu ndi 11 ndi kanthu, nchifukwa chake kanambala 9 kakang'ono kamalowa ngati nambala 5 ya mtovu ndipo mu ounce muli pafupifupi 360. A Federal, kampani ya zipolopolo, atayamba kugulitsa zawo mu 2018 anthu ambiri anasiya 12 gauge nkutenga 20 ngakhale .410 imene kale ankati nja ana. Koma tungsten ndi yolimba kuposa chitsulo cha mpope, imafuna wad yochindikala yopangidwira iyoyo apo ayi ikala mfuti yanu mkati, ndipo chifukwa imatenga malo ochepa pamafunika zodzazira kuti crimp, popindika kukamwa kwa chipolopolo, itseke bwino. Muziyeza pa sikelo chipolopolo chilichonse, charge bar ya makina anu, yomwe imayeza machaka, inayezedwa pa mtovu ndiye ikuthirirani zolemera mopitirira. Pezani resipi yoyesedwa presha ya TSS yeniyeni, onani ngati choke wanu analembedwa kuti amalola tungsten, ndipo muwerenge malamulo a state yanu musanagule chifukwa ena amaika malire pa saizi ya machaka.