Corydoras adolfoi si tsache la m'thanki

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Chilomoni. Munthu amene amabweretsa nsomba kuchokera ku Johannesburg wawalonjeza Corydoras adolfoi ziwiri, nsomba zing'onozing'ono za ndevu zoyenda pansi pa madzi, ndipo m'baleyo akufuna kuziponya m'thanki ya mbuna zawo kuti zizidya zinyalala za pansi. Akufunsa ngati zingakhale.

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse ndimaima pa mawu akuti zinyalala. Mawu amenewo ndi amene ndinauzidwa inenso tsiku lomwe ndinagula zanga zoyamba. Wogulitsa anandiuza kuti tinsomba timeneti sitifuna chakudya, timangodya zotsala za zinzake. Ndinamukhulupirira. Ndinagula titatu, ndinafika nato kunyumba kuno ku Zingwangwa titatsekeredwa m'pepala la pulasitiki, ndipo ndinatiika m'thanki imene pansi pake ndinali nditayala timiyala ta kwale totsala pomanga khonde. Tinali tokongola mosaneneka. Thupi loyererako, mzere wakuda wodutsa m'maso, mzere wina wakuda pamsana, ndiye pankhongo kadontho kofiirira ngati lalanje lakupsa. Ndinkadzuka usiku kukatiyang'ana ndi tochi.

Patapita milungu ingapo ndinaona kuti ndevu zake zayamba kufupika. Nsomba imeneyi imafufuza chakudya ndi ndevu, monga achitira mlamba m'matope. Timiyala takuthwa tija tinali kuzidya ndevu pang'onopang'ono, ndipo litsiro lobisala pakati pa miyala linali kuloleza matenda kulowa pa zilondazo. Kamodzi kanafika potsala ndi kamwa lokha lofiira. Kankayenda pansi, chakudya chili pafupi, koma osachipeza. Mimba inalowa m'kati. Kenaka kunabwera chiperoni cha mu Juni, magetsi anazima usiku wonse, hita ndi pampu zonse zii, ndipo m'mawa ndinakapeza kali chagada pakona ya thanki. Ndinakatola ndi dzanja, munga wa pachipsepse unandibaya chala, ndipo ululu wake unanditengera kwa agogo anga ku Mangochi, amene ankatichenjeza tikamachotsa nkholokolo mu ukonde kuti minga yake ikaima yaima. Corydoras nayo ili chimodzimodzi: ikachita mantha imaimika minga ya pamsana ndi ya m'mbali, ndipo mingayo ili ndi kapoizoni kochepa. N'chifukwa chake siigwidwa ndi kaukonde, imakodwa. Muziikokera m'kapu kapena m'kabakuli.

Kufikira lero ndimakhulupirira kuti chisanu chija chinangomaliza ntchito. Chimene chinapha nsomba ija ndi njala ndi miyala, ndipo zonse ziwiri zinachokera ku bodza loti ndi nsomba yosesa. Ndikumva kuwawa kuti bodza lomwelo likuyendabe m'tauni muno. Corydoras siidya ndowe za nsomba zinzake. Imadya tizilombo, tinyongolotsi ndi timphutsi tobisala mumchenga. Amene amakugulitsani nsomba yochokera kutali chonchi n'kukuuzani kuti siifuna chakudya, mwina sadziwa, mwina sasamala, ndipo mwa ziwirizi palibe chabwino.

Tiyeni tione kumene imachokera. Adolfoi kwawo ndi ku Brazil, ku timitsinje tothira mu Rio Negro chakumtunda, ndipo asayansi anaipatsa dzina mu 1982. Madzi a kumeneko ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha masamba ovunda a m'nkhalango, alibe mchere wa m'miyala wochuluka, ndipo pH yake, muyeso wa asidi m'madzi umene umatsika asidi akachuluka, imakhala yotsika, kawirikawiri pansi pa 6. Tsono taganizani za mbuna zanu. Kwawo ndi m'miyala ya m'nyanja yathu ya Malawi, kumene pH imapitirira 7.5. Mbuna ndi zaukali, iliyonse imalondera mwala wake, ndipo kansomba kamasentimita 5 kapena 6 koyenda pansi mosadziwa malire kazingojomphedwa tsiku lonse. Ngakhale madzi akanakhala ofanana, nkhanza yokhayo ndi yokwanira kuti ndikukanizeni.

Nkhani ya madziyi imandichititsa chidwi. Anzathu a ku Ulaya amavutika kuthira mchere ndi miyala m'mathanki kuti madzi awo afanane ndi a m'nyanja yathu, pomwe ife madzi ambiri a m'mipopi ya mu Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo Shire amatuluka m'nyanja momwemo. Mbuna kwa ife ndi nsomba yapakhomo. Ikakhala ya ku Rio Negro, ndife amene tiyenera kugwira ntchito. Ine nyengo ya dzinja ndimatchera madzi a mvula m'migolo iwiri yotsekera, koma osati a mvula yoyamba imene imatsuka fumbi ndi dzimbiri za padenga. Ndimawasakaniza ndi a pampopi amene ndachotsa klorini. Sindithamangira kuti pH ifike pa 6. Ikakhala pakati pa 6.5 ndi 7 ndipo siikusinthasintha, nsomba zimakhazikika.

Nditaluza ija ndinachotsa miyala yonse n'kuyala mchenga wosalala wa kumtsinje, wosefa ndi kutsuka mpaka madzi a m'ndowa kuyera. Ndinasunga ndalama miyezi ingapo n'kuwonjezera zinayi kuti zikhale zisanu ndi imodzi. Zimene ndinaona sindidzaiwala. Ziwiri zija zimene zinkangobisala kuseri kwa chikuni zinatuluka n'kulowa m'gulu. Zonse zinayamba kuzika mphuno mumchenga mpaka m'maso, mchenga ukutulukira m'mbali mwa mutu ngati ufa pa sefa. Mwa apo ndi apo imodzi imathamangira pamwamba, n'kumeza mpweya, n'kubwerera pansi. Poyamba ndinkaopa kuti ikubanika, koma ndi chibadwa chake: mpweyawo umalowa m'magazi kudzera m'matumbo. Zikayamba kuchita zimenezi pafupipafupi, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, pamenepo mpomwe ndimadziwa kuti m'madzi mpweya wachepa.

Ndipo tsiku lina mu Disembala, nditasintha madzi ndi a mvula ozizirirako, m'mawa mwake ndinapeza yaikazi itafumbata mazira awiri ndi zipsepse za kumimba, ikuyendayenda kufuna pomata. Inawamata pagalasi, pafupi ndi fyuluta, kachipangizo kosefa madzi. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, ndipo tonse tinagwada pasimenti mpaka phala linapserera pambaula.

Tsono muchite chiyani?

Musaziike ndi mbuna. Ngati mukuzifunadi, pezani thanki ina ya malita 60 kapena kuposerapo, yotambalala pansi, muyale mchenga wosalala, ndipo fyuluta iyende milungu inayi kapena isanu ndi umodzi nsomba zisanalowe. Madzi akhale pakati pa madigiri 22 ndi 26. Gulani zisanu ndi imodzi. Ngati ndalama ikukwana ziwiri zokha, dikirani, kapena yambani ndi Corydoras aeneus kapena paleatus zimene ndi zotchipa komanso zopirira. Muzizipatsa chakudya chomira chakechake madzulo, ndi nyongolotsi zoduladula kangapo pa sabata. Mchere ndi mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa) musathire. Khalani ndi kapampu ka mabatire, bulangete lofunditsa thanki, ndi mabotolo oti muzithiramo madzi ofunda n'kuwayandamitsa magetsi akazima m'nyengo yozizira.

Wobweretsayo mumufunse ngati ali ndi chilolezo cha ku Dipatimenti ya Usodzi cholowetsera nsomba zamoyo m'dziko muno, ndipo mukadzatopa nazo musadzazitaye mu Mudi kapena mumtsinje wina uliwonse. Muonetsetsenso bwino musanapereke ndalama, chifukwa pali ina yofanana nayo kwambiri yotchedwa Corydoras duplicareus, imene mzere wake wakuda wa pamsana ndi waukulu. Kasamalidwe kake n'kofanana, koma gulu limakoma likakhala la mtundu umodzi. Zikafika, musazisiye nthawi yaitali m'pepala lija, ndipo madzi a m'pepalamo musawathire m'thanki, pakuti zikapanikizika paulendo zimatulutsa poizoni uja m'madzi momwemo. Mukapeza mchenga, nditumizireni chithunzi ndiuone kaye musanauyale.